Ulusi wa majumbo ku Photsaneng

Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ku Photsaneng. Imadzuka dzuwa likangokwera pang'ono, n'kunyamula fumbi la pa milu ya dothi lotsala ku migodi, ndipo pofika masana mipanda ya waya imakhala itavala majumbo kuyambira kumsewu mpaka kumapeto a mudzi. Ena amakodwa m'mitengo ya minga n'kumakupiza pomwepo mpaka atang'ambika. Mbuzi ndi ng'ombe za eni mudzi zimadutsa zikununkhiza, ndipo jumbo imene munali mchere kapena nyenyeswa za buledi siipulumuka.

Mudziwu uli kum'mawa kwa tauni ya Rustenburg, mbali yopita ku Marikana, moyandikana ndi Thekwane ndi Mfidikwe. Ndi umodzi mwa midzi 29 ya mtundu wa Bafokeng, womwe likulu lake lili ku Phokeng ndipo mfumu yake ndi Kgosi Leruo Molotlegi. Eni nthaka amayankhula Setswana. Kuseri kwa nyumba zawo kuli tizipinda ta lendi tondandalikana, ndipo m'menemo ndi momwe tili ife obwera: a ku Eastern Cape, a ku Lesotho, a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, ndi ife Amalawi amene tinapitirira Joni posaka maganyu. Tonse tinatsata pulatinamu, ngakhale ambiri a ife Amalawi sitinapondepo pansi pa mgodi. Ntchito zathu ndi za pamwamba: kuchapa, kusesa, kusamala maluwa m'nyumba za ku tauni, kuwotcherera zitsulo, kusoka, kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Kuluka ndi majumbo ndinaphunzirira kuno, kwa mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu amene tonse timawatchula kuti Azakhali. Si achibale anga, koma kuchilendo munthu wamkulu wa kwanu ukamupeza sumusiya. Iwo anafika kuno kale, amuna awo akugwira ntchito kwa kontirakitala wina wa pamgodi, ndipo anabwera ali kale katswiri woluka majuzi a ana, zipewa ndi tinsalu toyala pa mipando. Ulusi ankagula m'sitolo ku Rustenburg, zoluka n'kumagulitsa kwa akazi a anthu a m'migodi mwezi ukatha. Zinkayenda ndithu mpaka chaka cha 2014.

Amene anali m'dera lino chaka chimenecho sachiiwala. Pa 23 Januwale anthu pafupifupi 70,000 a m'migodi ya Anglo American Platinum, Impala ndi Lonmin ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi bungwe la AMCU la a Joseph Mathunjwa, akufuna malipiro a R12,500 pamwezi. Ndalama yake ndi yomwe ija anafera anthu 34 amene apolisi anawaombera ku Marikana pa 16 Ogasiti 2012. Sitalakayo inatha miyezi isanu, mpaka kumapeto kwa Juni. Malipiro a munthu mmodzi wa pansi pa mgodi amadyetsa anthu ambiri amene mwini wakeyo saawerengera n'komwe: mwini chipinda, woyendetsa minibasi, wa pa kagolosale ka spaza, wometa tsitsi, wochapa zovala. Iye atasiya kulandira, onsewa anauma naye limodzi. Azakhali amasimba kuti anthu anagulitsa mafiriji ndi mabedi, ambiri anabwerera kumudzi, tizipinda n'kutsala totseka ndi maloko. Wogula juzi ya mwana anasowa, ndalama ya ulusi inasowanso.

"Manja ankandiyabwa, mwana wanga," amatero akamakumbuka. "Munthu wozolowera kuluka ukamukhazika chabe, amadwala maganizo."

Mayi wina wa ku Lesotho, woyandikana nawo chipinda, ndiye anawaonetsa mmene amadulira majumbo n'kupanga ulusi wolukira timphasa ta pakhomo. Azakhali anatenga nzeruyo n'kuichepetsa, chifukwa mphasa imadya majumbo mazanamazana pomwe kachikwama kamangofuna khumi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo munthu wosauka atha kukagula. Sitalaka itatha sanabwererenso ku ulusi wa m'sitolo kokha. Ine nditafika ndinawapeza akuluka zonse ziwiri.

Ntchitoyi imayambira pa beseni. Jumbo iliyonse imene munali nyama, nsomba kapena mkaka iyenera kuchapidwa ndi sopo, kutembenuzidwa, n'kuyanikidwa pachingwe mpaka iume bwinobwino, apo ayi kachikwama kadzanunkha mpaka kalekale. Ikauma umaiyala pathebulo, kuisalaza ndi chikhato, kulowetsa bwino mapindo a m'mbali, n'kuipinda m'litali kawiri kapena katatu. Ndi sizasi umachotsa zogwirira kumtunda ndi msoko wa kunsi. Chotsalacho umachidula mopingasa, chidutswa chilichonse mulifupi mwa zala ziwiri, ndipo ukafunyulula chimatuluka chili mkombero. Kenaka umalowetsa mkombero wina mwa unzake, kuubweza mwa iwo wokha, n'kukoka pang'onopang'ono mpaka pakhale kamfundo kakang'ono. Apa ndi pomwe wophunzira amadziwikira. Ukakoka ndi mphamvu pulasitiki imatamuka, kuyera, n'kuduka. Ukakoka mofooka mfundo imatupa n'kumakodwa pa singano. Mbali ziwiri za mkombero ziyeneranso kulingana, chifukwa imodzi ikatalika ulusi umalendewera ndipo choluka chimatuluka cha mabampu. Azakhali sakalipa. Amangotenga ulusi wakowo, kuuyendetsa pakati pa zala atatsinzina, ndipo akafika pa mfundo yolakwika amaima, n'kukubwezera osanena kanthu. Mikombero ikachuluka umaikulunga mpukutu, ndipo ukaona mpukutu wonga mutu wa mwana udziwe kuti pagona madzulo athunthu singano isanakhudzidwe.

Majumbo sali ofanana. A m'masitolo akuluakulu ndi ochindikala, amalimba, koma amaumitsa zala ndipo umayenera kuwadula mopapatiza. Timajumbo ta pa spaza ndi ta ogulitsa masamba ndi topyapyala, tofewa m'manja, ndipo umatidula motambalala kuti ulusi ukhale ndi thupi. Mapepala a buledi ndiwo timalimbirana, chifukwa ali ndi mitundu yowala, yofiira, yachikasu, yabuluu, ndipo malembo ake akalowa m'maso a choluka amasanduka timadontho tokongola timene sungatipange dala. Koma jumbo imene yagonera pampanda Azakhali amaikana. Dzuwa la kuno limaiphika, ndipo ukangoikoka imanyenyeka m'manja.

Singano yabwino ndi ya kangowe kunsonga, yachitsulo, yonenepa kuposa ya ulusi wamba. Ya pulasitiki imakakamira, poti pulasitiki pa pulasitiki inzake siterera. Ngakhale yachitsuloyo ikamva thukuta imayamba kulira n'kumakana, ndiye timaipaka kandulo kapena kadontho ka Vaseline. Yanga anandisulira ndi bambo a kunyumba, omwe ndi owotcherera, kuchokera ku kachitsulo kotsala pantchito, ndipo anakhala akuipala kunsonga mpaka inasiya kung'amba ulusi. Ena amaluka ndi singano ziwiri monga timalukira juzi. Choluka chotere chimatuluka chofewa ndi chotamuka, choyenera chomangira tsitsi kapena kachikwama ka sopo. Chonyamula zolemera chimafuna kangowe, chifukwa maso ake amathina ndipo satambasuka.

Zimene timaluka ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo chilichonse chili ndi eni ake. Kachikwama ka foni kokoleka m'khosi amakakonda agogo, chifukwa tsiku lokalandira ndalama za ukalamba amaikamo khadi ndi foni n'kubisa mkati mwa malaya. Kachikwama ka sopo amagula amuna okhala okha cha ku Bleskop: sopo amaumira momwemo, ndipo kachikwamako ndi komwe amadzikhulira pochotsa fumbi la pansi. Pali chotengera botolo la madzi cha ana a sukulu, kachikwama ka makiyi, chipewa cha dzuwa cha mayi wogulitsa pamsewu, ndi chikwama cha Baibulo ndi buku la nyimbo, chimene amayi a mipingo amafuna chifanane ndi yunifolomu yawo. Mvula siziwononga, ndipo zikada umangotsukuluza. Chimodzi chokha sitiluka ngakhale munthu atachonderera: choikapo poto wochoka pamoto.

Ndikamaluka ndimaganiza za kwathu ku Dedza, chifukwa luso ili silachilendo kwa ife. Kwathu munthu amaluka chimene chamuzungulira. Wa kudambo amatenga bango n'kusoka mphasa, wa kumene kuli mlaza amaluka mikeka ndi zipewa, wa kuphiri amang'amba nsungwi n'kupanga malichero ndi madengu. Luzi ndi khonje zinkapotedwa pantchafu kukhala zingwe. Majumbo atafika, ana ndiwo anayamba kuwaona ngati chuma, ndipo palibe mnyamata wa ku Malawi amene sanamenyepo mpira wachikulunga. Agogo anga aamuna anapita ku Joni ndi Wenela monga amuna ambiri a m'mudzi mwathu, ulendo umene Kamuzu anauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi. Iwo ankasimba kuti m'komponi amuna ankatola tiwaya ta mitundumitundu totayidwa n'kumalukira pa ndodo ndi pa mabotolo Lamlungu masana, pofuna kuiwala kutali kwa kwawo. Ndikayang'ana gulu lathu la amayi, ndimaona kuti tikuchita zomwezo. Photsaneng alibe bango loti n'kudula kapena mlaza woti n'kuthyola. Ali ndi majumbo.

Anthu amayesa jumbo ndi chinthu chopanda chiyambi, chongopezeka. Inapangidwa ndi munthu, injiniya wa ku Sweden dzina lake Sten Gustaf Thulin, ndipo kampani yake ya Celloplast inalembetsa luso limeneli mu 1965. Pulasitiki yake imachokera ku mafuta ndi gasi wa pansi pa nthaka, ndipo kuno ku South Africa ina imachokera ku malasha, amene kampani ya Sasol imawasandutsa mafuta ndi mankhwala ku Secunda. Ndiye kuti kumbuyo kwa jumbo ina imene ndikudula kuli munthu wa mumgodi wa malasha ku Mpumalanga, wofanana ndi awa amene ndimawaona akutsika basi m'mawa maso ali psuu pochokera ku shifiti ya usiku. Ndiponso kuno jumbo si yaulere. Kuyambira mu 2003 boma linaletsa majumbo opyapyala kwambiri m'masitolo ndipo ogula anayamba kulipira pa kauntala. Mu 2004 linaikapo msonkho wa masenti 3 pa jumbo iliyonse, womwe pofika 2020 unali utakwera kufika masenti 25. N'chifukwa chake mayi aliyense wanzeru amasunga majumbo ake. Mme, mwini nyumba yathu, amawapinda timakona titatu n'kuwaika m'chitini, ndipo kuti atipatseko timayenera kupempha ndi ulemu, nthawi zina kulonjeza kachikwama. Majumbo abwino timachita kusaka: kwa mabwana kumene anzathu amachapa, kwa anansi, kumaliro ndi kuukwati kumene kwagulidwa zambiri.

Si ife tokha padziko amene tikuchita izi. Ku Gambia, m'mudzi wa Njau, mayi Isatou Ceesay anayamba mu 1997 pamodzi ndi anzake ochepa kutola majumbo, kuwachapa ndi kuluka tizikwama ta ndalama. Chinawadzutsa ndi mbuzi zimene zinkafa zitadya pulasitiki ndi udzudzu umene unkaswana m'madzi odikha m'majumbo. Poyamba anthu ankawaseka, koma gululo linakula, amayi ambiri anapeza ndalama zawozawo, ndipo nkhani yawo inalembedwa m'buku la ana lotchedwa One Plastic Bag mu 2015. Mayi ameneyu ndimamulemekeza kwambiri. Koma ndimakumbukiranso kuti m'chaka chomwecho cha 2015 boma la Gambia linachita kuletsa majumbo ndi lamulo. Singano za ku Njau zinatsegula anthu maso, koma sizikanatha kumeza majumbo a dziko lonse.

Ndikunena izi chifukwa nthawi ndi nthawi kumabwera alendo, ena a mipingo, ena a mabungwe, amene akationa amasangalala n'kunena kuti tikuyeretsa chilengedwe. Amatijambula, ife n'kuthokoza. Ndikudziwa kuti amanena ndi mtima wabwino, koma mawuwo sindiwavomera. Majumbo amene akuipitsa mudzi, a pampanda ndi a m'ngalande, ndi omwe aja sitingathe kulukira. Ife timatenga oyera, amene mwini wake akanawagwiritsabe ntchito. Pa jumbo iliyonse zogwirira ndi msoko zimatsala, ndipo ngakhale timaziunjika m'mapilo a pampando, mapilo sangachuluke kuposa mipando. Kachikwama nako kali ndi tsiku lake. Pakapita zaka kamatha, kamathothoka tizidutswa, n'kukathera kudzala komwe jumbo ikanapita poyamba. Chimene timachita ndi kuchedwetsa ulendowo ndi kupezapo phindu panjira. Ndi chinthu chabwino, koma tisachikuze kuposa msinkhu wake. Ngakhale anyamata okoka matrole otola zinyalala amadumpha majumbo n'kutola mabotolo, zitini ndi makatoni, chifukwa jumbo ilibe kulemera pa sikelo.

Kwathu nkhondo imeneyi tikuidziwa. Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani opanga anathamangira kukhoti, ndipo zinatenga mpaka pa 31 Julayi 2019 kuti bwalo la Supreme ligamule kuti chiletsocho chikhalepo. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene anamenya nawo nkhondoyi pamodzi ndi anzake ataona mbuzi za alimi zikufa ndi pulasitiki m'mimba, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Komabe amene wayenda mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe zaka zotsatirazo waona tchipisi, mafuta ophikira ndi makala zikupimidwabe m'timajumbo ta buluu, ndipo waona mmene mtsinje wa Mudi umaonekera mvula yoyamba ikagwa. Rwanda analetsa mu 2008, Kenya mu 2017, ndipo kumene lamulo linagwiradi ntchito misewu inasintha. Kutsuka mtsinje ndi ntchito ya lamulo, ya khonsolo yotola zinyalala pa nthawi yake, ndi ya fakitale imene imapanga katunduyo. Mtolo umenewu ukasenzetsedwa mayi wa singano imodzi, wopangayo amapuma, ndipo mayiyo amalipidwa ndi kuombera m'manja.

Kuombera m'manja sikugula ufa. Apa ndi pamene pali nkhani yanga yeniyeni, ndipo ndi pamene pamandiwawa.

Kachikwama ka foni, ukawerengera kusaka majumbo, kuchapa, kudula, kulumikiza, kuluka, kusokerera batani ndi kupota chingwe cha m'khosi, kamadya maola anayi kapena asanu. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo la dziko lino linkalola mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Ife kachikwamako timatchula R50. Aliyense atha kuwerengera yekha kuti ola la mayi woluka likugulidwa motani. Koma ngakhale pa R50 pomwepo wogula amakwinya nkhope, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri amakhala mnzathu wa kumudzi. Tsiku lina bambo wina wa kwathu konkuno, atavala bwino, anatenga kachikwama, kukatembenuza uku ndi uku, kuyamikira kuti n'kolimba, kenaka n'kunena kuti, "Koma mayi, majumbo otola omwewa mpaka R50? Ndikupatsani R20." Azakhali sanakwiye. Anatola jumbo imodzi yosadula n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Bambo, jumbo ndi iyi, tengani, sindikulipiritsani. Chimene ndikugulitsa ndi masana anga a dzulo." Bambowo anaima kanthawi, n'kutulutsa R50.

Si onse amene amatulutsa. Ambiri amachoka, ndipo mayi amene kunyumba kulibe ndiwo amawaitana n'kulandira R20 yomweyo. Sindimuweruza, njala ilibe mtengo woikika. Koma akatero mawa tonse timapezeka pa R20.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti m'dera lino, kuposa kwina kulikonse, anthu anayenera kumvetsa. Pansi pa mapazi athu pali mwala umene Hans Merensky anautsimikizira mu 1924, ndipo South Africa ndiye amatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a pulatinamu yense wa padziko. Koma mu tani yathunthu ya mwala umenewu mumatuluka magalamu ochepa chabe. Kuti magalamuwo afike m'galimoto ya ku Germany kapena pa chala cha mkwatibwi ku Japan, munthu amatsika mamita mazanamazana, n'kugwada m'malo otentha osati n'kuimirira, akubowola mwala ndi makina ogwedeza mafupa. Palibe amene amati pulatinamu atsike mtengo chifukwa mwala unali kale pansi mwaulere. Ndipo zimene amuna aja ankanena pa phiri la ku Marikana ndi m'bwalo la masewero la Bleskop zinali zomwezi, kuti mtengo wa chinthu uzikumbukira manja amene achitulutsa. Mwamuna amene ananyanyala miyezi isanu pa mfundo imeneyi sayenera kufika pa mphasa ya mayi woluka n'kuiwala. Mme amakonda kutikumbutsa kuti nthaka imene tikupondayi Abafokeng anachita kuigula: m'zaka za m'ma 1800 Kgosi Mokgatle anatumiza anyamata ku migodi ya dayamondi ku Kimberley kuti ndalama zawo zidzawombole minda ya makolo. Iwo amadziwa kuti thukuta lili ndi mtengo, ndipo mwa ogula athu onse Mme ndi amene sananenererepo.

Thupi nalo limalipira. Chala chamkombaphala chimachita mzere pamene ulusi umadutsa, dzanja limatupa m'mfundo nyengo yozizira, ndipo masiku amene magetsi ankazimazima tinkaluka ndi kandulo mpaka maso kuyabwa. Azakhali tsopano ulusi wakuda sauonanso bwino usiku. Amadula ndi kulumikiza masana, kuluka n'kusiyira ife.

Wina angafunse kuti nanga bwanji osasiya, ngati phindu lake ndi lochepa chotere. Yankho loyamba ndi lakuti ndalama yochepayo ndi yathu. Siidikira kuti mwezi uthe, siidikira kuti bwana akumbuke. Imagula buledi, parafini, mayunitsi a foni, ndipo pa chipereganyu chathu aliyense ikafika nthawi yake amatenga kanthu kooneka. Yanga ndimatumiza kwa amayi ku Dedza kudzera pa Mukuru, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza ndi chimanga yawapanikiza moti ngakhale R200 amaiyembekezera. Mu 2024, mtengo wa zitsulo za pulatinamu utatsika, Anglo American Platinum inalengeza kuti ntchito pafupifupi 3,700 zili pachiswe, Impala nayo n'kutchula 3,900. Makontirakitala ndiwo amayamba kugwa zikatero, ndipo maganyu a amuna athu amachepa nthawi yomweyo. Chaka chimenecho gulu lathu linalandira nkhope zatsopano, amayi amene sanagwirepo singano, ndipo ena a iwo lero akuluka bwino kuposa ine.

Yankho lachiwiri ndi lovuta kuliyika pa sikelo. Moyo wa m'tizipinda ta lendi ndi wa wekha. Mwamuna amachoka kusanache, iwe n'kutsala ndi makoma anayi a malata, chinenero cha anansi osachimva, mapepala ako mwina osakwanira, mtima uli m'mwamba galimoto ya apolisi ikadutsa. Lamlungu masana tikakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba ya Mme, wina akudula, wina akulumikiza, wina akuluka, zinenero zimasakanikirana: Setswana, Sesotho, Xhosa, Shangaan, Chichewa. Pamenepo ndi pomwe ndinaphunzirira kupereka moni wa eni mudzi moyenera, pomwe ndinamvera kuti kiliniki imatsegula liti, ndi nyumba iti ku tauni ikufuna wochapa, ndi nyumba iti yosalipira. Mnzathu wina wa ku Mozambique atataya mwana, gulu lomweli ndilo linasonkha ndi kugona pa siwa. Ndipo nthawi zimene mphekesera zodana ndi obwera zimayamba kuyenda m'mafoni, amene amatigogodera kutiuza kuti lero musapite ku tauni ndi amayi a Chitswana omwe timadula nawo majumbo. Munthu amene mwagwirizira naye ulusi savutika kukuona ngati munthu.

Ndimafunitsitsa atsikana athu akanaphunzira. Ambiri amachita manyazi, amati ndi ntchito ya zinyalala, ndipo sindiwadzudzula kwambiri poti amamva mmene ogula amatiyankhulira. Mwana saphunzira ntchito imene amaona mayi ake akunyozeka nayo. Koma mwana wa Mme wamng'ono, wa sekondale, anayamba kujambula zoluka zathu n'kuziika pa WhatsApp ndi pa Facebook atalemba mtengo pansi pake, ndipo taona kuti munthu akawerenga mtengo wolembedwa sanenerera monga amachitira pamaso. Iyeyo ndi amenenso anatiuza kuti tizisokerera kansalu ka chitenje mkati mwa zikwama za Baibulo. Zoterozo tikugulitsa R120 ndipo sizigonera.

Tsono inu abale anga a ku Rustenburg, ku Marikana, ku Brits ndi ku Joni komwe, Disembala akamayandikira mudzayamba kusaka mphatso zopita nazo kumudzi. Mukadutsa pa mayi woluka, imani. Funsani mtengo, funsaninso kuti chamutengera nthawi yaitali bwanji, ndipo mukamva yankho perekani imene watchulayo. Majumbo anu musakolezere mbaula, utsi wake ndi woipa m'chifuwa cha ana. Asungeni ouma, osamanga mfundo, mutipatse. Timakumana Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, ndipo amene tikuwasowa kwambiri pakali pano ndi mapepala a buledi, makamaka ofiira ndi achikasu.